Kodi Mercedes anali mkazi wa Benz?

Funso: Akonzi, takangana ndi achimwene. Iwo akuti Mercedes ndi dzina la mkazi wa Benz. Ndi zoona kodi?

Yankho: Ayi, achimwene anuwo aphonya. Mercedes anali mwana wamkazi wa Emil Jellinek, yemwe ankagulitsa magalimoto a kampani ya Daimler mumzinda wa Nice ku France. Kampaniyo inalembetsa dzinali mu 1902, ndipo inadzaphatikizana ndi ya Benz mu 1926.

Mkazi wa Karl Benz anali Bertha, ndipo ine mayi ameneyu ndimamuvulira chipewa. Mwamuna wake analembetsa ku boma mu 1886 kuti ndiye anatulukira galimoto yake ya matayala atatu, koma anthu ankaikayikira. Mu Ogasiti 1888 Bertha analawira m'mamawa ndi ana ake aamuna awiri, bambo osadziwa, n'kuiyendetsa kuchokera ku Mannheim mpaka ku Pforzheim m'dziko la Germany, mtunda woposa makilomita 100. Mafuta anakagula pasitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Paipi ya mafuta itatsekeka, anazula pini ya chipewa chake n'kutokosa mpaka inatseguka. Pachitunda anyamatawo ankachita kukankha. Zimandiwawa kuti ambiri dzina lake salidziwa. Kawauzeni achimwenewo.