Nkhuku zinaloweranji m'khola dzuwa likadali m'mwamba?

FUNSO: Agogo anga amakonda kusimba kuti pa kadamsana wa dzuwa wa mu 2001, nkhuku zawo zinathamangira m'khola masanasana, ndipo kunja kutayambanso kuwala atambala analira ngati ndi m'bandakucha. Iwo amati amenewo anali malodza. Kodi mbalame zimadziwapo kanthu za kadamsana?
Wowerenga wa ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Agogo anu anaonetsetsa bwino, ndipo muwauze kuti si iwo okha amene anaona zimenezo. Pa 21 Juni 2001 mwezi unadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko lapansi, moti ku Lusaka dzuwa linabisika lonse kwa mphindi zoposa zitatu, pamene kuno kwathu linaphimbika mbali yaikulu. Tsiku lomwelo, anthu amene ankayang'anitsitsa nyama ku Mana Pools, m'dziko la Zimbabwe, anaona kuti mdima utagwa njiwa zinaleka kulira, akakowa anaulukira kumitengo yawo yogonamo, ndipo kuwala kutabwerera mbalame zinaimba monga zichitira kukamacha.

Za malodza ndiye sindikugwirizana nawo agogowo. Mbalame zoyenda usana zimadalira maso pofunafuna chakudya ndiponso pothawa adani, choncho kuwala kukachepa mwadzidzidzi, mpweya n'kuzizira, zimachita zomwe zimachita madzulo aliwonse: kusiya kutola chakudya n'kufuna malo obisalamo. Nkhuku siona bwino mumdima, n'chifukwa chake sichedwa kulowa m'khola ngakhale tsiku limene kwangochita mitambo yakuda bii. Tambala nayenso, ngakhale thupi lake lili ndi nthawi yakeyake yolirira, amalira akaona kuwala kukutulukira pambuyo pa mdima.

Komabe sikuti mbalame zimapusitsika kotheratu. Pa kadamsana wa pa 21 Ogasiti 2017 ku America, akatswiri a ku yunivesite ya Cornell anagwiritsa ntchito makina ounikira nyengo ndipo anapeza kuti mbalame zouluka m'mwamba zinachepa pamene kunkada, koma zija zoyenda maulendo ataliatali usiku sizinanyamuke monga zichitira dzuwa likalowadi. Mdima wa kadamsana sufika ngakhale mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo nthawi imeneyi njochepa kwambiri kuti isokoneze thupi limene likudziwa kuti kukadali masana.

Kadzidzi amathanso kulira pa nthawi yotereyi, zomwe ndikudziwa kuti kumudzi zingaimitse anthu mitu, koma nayenso amakhala atangoona kuti kwada. Kadamsana wina akadzachitika, mudzakhale pafupi ndi khola n'kumayang'ana nkhukuzo osati dzuwalo, chifukwa kuliyang'ana popanda magalasi ake apadera kumawononga maso.