Yankho kwa ofuna kukayesa masewera a pa chipale chofewa ku Lillehammer

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wamba amene sanapondepo pa chipale chofewa chibadwire angaloledwe kusewera pamalo amene panachitikira mipikisano ya Olimpiki ku Lillehammer, komanso ngati n'kwanzeru kuti inu ndi bambo akunyumba mutenge mwana pa ulendowu, poti aka n'koyamba kuti muone nyengo yachisanu kuno ku Norway. Ndikukulimbikitsani kuti mupite, chifukwa malo ambiri kumeneko ndi otsekukira aliyense, ndipo eni dziko amapitako ndi ana aang'ono kwambiri. Koma musanagule tikiti iliyonse musiyanitse zinthu ziwiri. Pali masewera amene katswiri amakuyendetsani inu mutangokhala phee, ndiye pali ena amene miyendo yanu ndiyo iyenera kudziwa chochita. Oyambawo amangofuna ndalama ndi thupi labwino, pamene enawo amafuna mphunzitsi ndi kuleza mtima, ndipo ngati ndalama zili zochepa, ine ndinganene kuti zipite kwa mphunzitsi.

Mipikisano ija inachitika kuyambira pa 12 mpaka pa 27 Febuluwale 1994, ndipo chimene ndimawayamikira nacho anthu a kuno n'chakuti sanalole kuti zimene anamanga zisanduke mabwinja. Mu 2016 tauni yomweyo inachititsanso Olimpiki ya achinyamata pogwiritsa ntchito malo omwewo. Kuchokera ku Oslo sitima imayenda maola awiri ndi mphindi zingapo, kudutsa pa bwalo la ndege la Gardermoen ndi ku Hamar. Dziwani kuti malowo sali pamodzi. Bwalo la Birkebeineren ndi malo odumphira a Lysgårdsbakken ali chakumtunda kwa tauni, Hafjell ndi Hunderfossen ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 chakumpoto, pomwe Kvitfjell ali kutsogolo kwambiri, makilomita pafupifupi 50. Wofuna kufika konseku m'masiku awiri nthawi yake idzathera m'basi ndi m'sitima.

Ndikanakonda mutayambira pa langrenn, kumene kuli kuyenda pa ski, zinthu zazitali ngati timatabwa zomangirira kumapazi potsetsereka pa chipale, pamalo athyathyathya ndi pa timapiri ting'onoting'ono. Ku Birkebeineren makina amadutsa n'kusiya timizere tiwiri tokumbika m'chipale, ndipo ma ski anu opyapyala amalowa m'timizeremo moti sathawira kumbali. Nsapato imamangika chakutsogolo kokha, chidendene chimakhala chomasuka, choncho kayendedwe kake sikatalikirana kwambiri ndi kuyenda kwa masiku onse: mumakankha ndi phazi limodzi, linalo n'kutsetsereka, ndodo ziwiri zikukuchirikizani. Kugwa mudzagwa ndithu, koma mudzagwa mukuyenda pang'onopang'ono ndiponso pofewa, ndipo pakangotha theka la ola mudzayamba kumasula zipi wa jekete chifukwa cha thukuta. Chokhacho, musatsate njira iliyonse imene yachoka pabwalopo kulowera m'nkhalango, chifukwa zina mwa izo ndi zomwe zija anakonzera akatswiri ndipo zili ndi zitunda ndi materezi amene woyamba kumene sangawathe. Mukazolowera, kwerani basi mupite ku Sjusjøen kapena ku Nordseter, kumene dziko lake ndi lotakasuka ndipo njira zosavuta n'zambiri. Njira za langrenn salipiritsa polowera, ndipo bungwe la BUA, lomwe lili ndi nthambi m'matauni ambiri, limabwereketsa ma ski ndi nsapato zake kwaulere. Fufuzani nthambi ya kumene mukukhala musananyamuke.

Mukaima pabwalo limenelo mudziwe kuti mwaima pamalo a mbiri. Pa 22 Febuluwale 1994, pa mpikisano wopatsirana wa amuna anayi, aliyense makilomita 10, anthu oposa 100,000 anali atadzaza pabwalo ndi m'nkhalango ali otsimikiza kuti Norway ipambana, koma Silvio Fauner wa ku Italy anapitirira Bjørn Dæhlie wa ku Norway ndi gawo la sekondi, 0.4 basi, ndipo achikulire a kuno amakumbukirabe mmene khamu lonselo linangoti zii. Pamalo omwewo ndi pamene pamathera mpikisano wa Birkebeinerrennet mwezi wa Malichi, ulendo wa makilomita 54 wochokera ku Rena, umene aliyense amasenza chikwama cha makilogalamu 3.5 pokumbukira ankhondo amene anathawitsa mwana wakhanda wachifumu, Håkon Håkonsson, kudutsa m'mapiri mu 1206. Dæhlie yemweyo ndi amene mu 1998, pa Olimpiki ya ku Nagano m'dziko la Japan, atapambana pa makilomita 10, anaima pamzere womalizira kudikira Philip Boit wa ku Kenya, yemwe anafika womaliza ndipo anali atayamba kuphunzira ski zaka ziwiri zokha m'mbuyomo. Ndatchula zimenezi kuti musadzione ngati mwasochera mukadzaona kuti wakhungu lakuda pabwalopo ndinu nokha.

Kutsetsereka pa phiri ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse bwino. Ku Hafjell ndi kumene kunachitikira slalom, mpikisano wotsika phiri mokhotakhota pakati pa timitengo tozikidwa m'chipale, ndipo lero ndi malo abwino kwa mabanja chifukwa m'munsi mwa phiri muli malo a oyamba kumene, okhala ndi lamba woyenda amene amakukwezani mutangoima. Njira zimadziwika ndi mitundu: yobiriwira ndi yosavuta kwambiri, kenako yabuluu, yofiira, ndipo yakuda ndi ya akatswiri. Tsiku loyamba musachoke pa yobiriwira, ngakhale anzanu atakunyengererani bwanji. Mphunzitsi adzayamba wakuonetsani mmene mungagwere ndi mmene mungadzukire, kenako adzakuuzani kuti muyandikizitse nsonga zakutsogolo za ma ski n'kutalikitsa zakumbuyo, mawondo mutawapinda pang'ono ndipo miyendo ikukanikiza kutsogolo kwa nsapato. Thupi limafuna kutsamira kumbuyo chifukwa cha mantha, koma kutero ndi kumene kumachititsa ma ski kuthawa. Mnzanu wokukondani, ngakhale akhale wodziwa kwambiri, kawirikawiri satha kufotokoza zimenezi, chifukwa iye anaziphunzira ali mwana ndipo sakumbukiranso kuti zimavuta pati. N'chifukwa chake ndikuti maola awiri a mphunzitsi ndi ofunika kuposa tikiti yokwerera pamwamba pa phiri, imene tsiku loyamba simudzaigwiritsa ntchito n'komwe. Nsapato, ma ski ndi helimeti mudzabwereka pomwepo, ndipo helimetiyo musaisiye, inu ngakhale mwana.

Ku Kvitfjell kuli njira imene Tommy Moe wa ku America anapambanirapo mendulo ya golide mu 1994. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 3 ndipo imatsika mamita oposa 800 kuchokera poyambira mpaka pothera, ndipo mpaka pano akatswiri a dziko lonse amapikisanirapo. Phirilo lili ndi njira zina zosavuta, koma iyi yokha muionere patali chaka chino. Munthu wosadziwa kuima akalowa pamalo otsetsereka chonchija savulala yekha, amavulazanso amene ali kutsogolo kwake, ndipo lamulo la pa mapiri onse ndi lakuti wochokera kumtunda ndiye ali ndi udindo wopewa amene ali kumunsi.

Ngati mukufuna kumva liwiro lenileni la Olimpiki popanda kuphunzira kanthu, pitani ku Hunderfossen, kumene kuli njira ya bobsleigh, chombo chotsetsereka pa ayezi, yokhayo m'dera lonse la Scandinavia. Njirayo ndi ngalande ya simenti yokutidwa ndi ayezi, yotalika mamita 1,710 ndipo ili ndi makona 16. Alendo ambiri amakwera bobraft, chombo chofewa m'mbali chonyamula anthu angapo pamodzi ndi woyendetsa, chimene chimafika liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Palinso taxibob, imene ili bobsleigh yeniyeni ya mpikisano yoyendetsedwa ndi katswiri, ndipo iyo imafika pafupifupi 120. Ine nditakwera bobraft, tinakhala mondondozana, aliyense miyendo yake itazinga amene ali kutsogolo, manja atagwira zingwe za m'kati. Makona oyambirira anali odekha moti munthu ukhoza kuyang'ana mitengo, koma kuyambira chapakati chombocho chinayamba kukwera m'khoma la ngalande, mutu unalemera mpaka kulephera kuudzutsa, helimeti ikugunda uku ndi uku, phokoso la ayezi lili m'makutu. Zonsezo zinatha m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo potsika miyendo inali njenjenje. Ndi chinthu chosangalatsa zedi, koma chimakanikiza msana ndi khosi mwamphamvu, makamaka taxibob, imene m'makona ena imachititsa thupi kulemera mpaka kasanu kuposa mmene lilili. Amene ali ndi vuto la msana, khosi kapena mtima, ndiponso mayi woyembekezera, asakwere. Pali malire a zaka kwa ana, ndipo popeza njirayo imagwiritsidwanso ntchito ndi ochita mpikisano, masiku a alendo ndi owerengeka, choncho sungitsani malo pa intaneti musananyamuke.

Ku Lysgårdsbakken, kumene kunachitikira mwambo wotsegulira ndi wotsekera Olimpiki, mlendo sadumpha. Mukhoza kukwera masitepe oposa 900 ngati ali otsegula tsikulo n'kuyang'ana tauni ndi nyanja ya Mjøsa muli pamwamba, ndipo zimenezo n'zokwanira. Pobwerera mukhoza kutsika sitima ku Hamar n'kukaona Vikingskipet, nyumba imene denga lake anamanga ngati ngalawa yovundikira, mmene Johann Olav Koss wa ku Norway anapambanira mamendulo atatu a golide pa mpikisano wothamanga motsetsereka pa ayezi n'kuphwanya mbiri ya dziko lonse pa mitunda yonse itatu. M'nyengo yake pamakhala maola amene anthu wamba amaloledwa kutsetsereka pa ayezi wa m'menemo, koma ayezi ndi wolimba kuposa chipale, ndiye valani helimeti ndi magolovesi.

Za zovala musazitenge mopepuka. Kuzizira kwa ku Dedza mwezi wa Juni kumene timakudandaula kuja, kuno amakuona ngati nyengo yabwino yokhala panja, chifukwa ku Lillehammer nthawi zina kumazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Chovala chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa, osati cha thonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limasunga chinyezi ndipo mukangoima limakuzizirani. Pamwamba pake valani juzi, kenako jekete ndi thalauza zosalowa mphepo, ndipo sokosi zikhale peyala imodzi yabwino m'malo mwa zitatu zothina, popeza nsapato ikathina magazi sayenda ndipo zala zimazizira msanga. Muziyang'anana nkhope ndi bambowo nthawi ndi nthawi. Pa khungu lathu, malo amene chisanu chayamba kuwononga amaoneka otuwa ndipo amachita dzanzi, makamaka pa mphuno, masaya ndi makutu, ndipo mukaona zimenezo lowani m'nyumba mukafunditse pang'onopang'ono, osatikita.

Nthawi yabwino kwa oyamba kumene ndi kumapeto kwa Febuluwale ndi mwezi wa Malichi, pamene masiku atalikirako ndipo dzuwa likuoneka. Mu Disembala kumawala maola ochepa kwambiri. Koma pewani sabata za tchuthi cha sukulu cha m'nyengo yachisanu ndiponso sabata ya Pasaka, chifukwa anthu amachuluka ndipo malo ogona amakwera mtengo. Ngati pali wachibale amene wabwera kudzangocheza, werengani bwino pepala la inshuwalansi yake, chifukwa si inshuwalansi iliyonse ya paulendo imene imalipira munthu akavulala pa ski. Nambala ya ambulansi kuno ndi 113, ndipo muisunge m'foni, foniyo muiike m'thumba la m'kati popeza batire imatha msanga pozizira.

Kunena za mwanayo, ndiye amene adzaphunzire msanga kuposa nonse awiri. Mulembetseni m'kalasi ya ana ku Hafjell nthawi idakalipo, ndipo musamuumirize kupitiriza akanena kuti watopa. Mugulireninso kabolodi kapulasitiki kotsetserekera atakhala pansi, kamene sikadula ndipo kamapezeka m'masitolo ambiri a zamasewera, koma azitsetserekera pamalo opanda mitengo ndiponso kutali ndi msewu. Munyamule fulasiki ya tiyi kapena koko wotentha ndi magolovesi ena apadera, chifukwa a ana amanyowa m'mawa womwewo, ndipo muzimufunsa pafupipafupi ngati zala zakumapazi akuzimva, poti ana akatengeka ndi masewera sanena okha.