Loya wapafupi kapena wa pa intaneti? Yankho kwa achemwali amene akugula nyumba ku Hucknall

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, namwino amene amakhala ku Nottingham, ndipo andilola kuwayankhira pano chifukwa funso lawo likukhudza ambiri a ife amene tili kuno ku England. Mwachidule nkhani yawo ndi iyi. Iwo ndi amuna awo apeza nyumba ku Hucknall ndipo mwiniwake wavomera £210,000. A estate agent, amene akugulitsa nyumbayo m'malo mwa mwiniwake, akuwakakamiza kuti atenge loya amene iwowo amagwira naye ntchito, ati zinthu ziyenda msanga. Pa intaneti apeza kampani ina yotchipa koma ya kutali. M'tauni momwemo mulinso ofesi ya maloya, yokwererapo mtengo ndi mapaundi mazana angapo. Akufunsa kuti atenge uti. Kumapeto kwa kalata anawonjezera mongodutsa kuti gawo lina la dipoziti ndi ndalama za chipereganyu, lina anatumiza achimwene awo a ku Johannesburg, komanso kuti bambo a kunyumba ali ndi nyumba ku Area 25 ku Lilongwe imene amachititsa lendi.

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ine si loya, choncho zimene ndinene pano mukazitsimikize kwa amene mumusankheyo. Ndiyambira kumapeto kwa kalata yanu, chifukwa zimene mwalemba mongodutsazo ndiye zikuyenera kukusankhirani loya.

Nyumba ya ku Area 25 ija si nkhani yaing'ono. Pogula nyumba ku England pamakhala msonkho wa Stamp Duty Land Tax. Kuyambira pa 1 Epulo 2025, munthu wogula koyamba salipira kanthu pa nyumba yosapitirira £300,000. Koma kwa HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho, wogula koyamba ndi munthu amene sanakhalepo ndi nyumba kwina kulikonse padziko lapansi, osati ku Britain kokha, ndipo mukamagula awiri nonse muyenera kukhala otero. Ndiye ngati nyumba ya ku Lilongwe ili m'dzina la amuna anu, mwayi umenewu ukhoza kukudutsani. Pa £210,000 msonkho wamba ndi £1,700. Chopweteka kwambiri chili patsogolo: ngati nyumba ya kumudziyo mtengo wake ukufika £40,000, ya ku Hucknall ikhoza kuwerengedwa ngati yachiwiri, ndipo kuyambira pa 31 Okutobala 2024 nyumba yotere amaiwonjezera 5 peresenti pa mtengo wonse. Msonkho wanu ungafike £12,200. Kulemba dzina lanu lokha sikuthandiza pa msonkho wowonjezerawu, popeza anthu okwatirana amawerengedwa pamodzi. Ngati wina wa inu ali ndi Lifetime ISA, akaunti yosungira ndalama ija boma limaikapo 25 peresenti, nayonso pogulira nyumba imafuna munthu amene sanakhalepo ndi nyumba kulikonse.

Ndikudziwa kuti pali ena mwa ife amene angakulangizeni kuti mungokhala chete, kuti ndani apite ku Lilongwe kukafufuza. Chonde musawamvere. Fomu ya msonkho imapita m'dzina lanu, pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lolandira makiyi, ndipo bodza la pa fomu imeneyo ndi mlandu wanu, osati wa loya. Kwa ife amene tikudikirabe mapepala okhazikika kapena unzika, mlandu wa msonkho si chinthu choseweretsa. Mukufunika loya amene mungakhale naye pansi, mumuonetse mapepala a nyumbayo, aone kuti ili m'dzina la ndani, ndi yamtengo wanji m'mapaundi, kenako akuuzeni msonkho weniweni musanalonjeze chilichonse.

Ndalama za dipoziti nazonso zili ndi njira yake. Malamulo oletsa kubisa ndalama zakuba a mu 2017 amakakamiza loya aliyense kufunsa komwe ndalama zachokera, ndipo sangapitirize ntchito ngati sanakhutire. Sakukuganizirani zoipa, amafunsa wina aliyense. Vuto lathu ndi lakuti chipereganyu sichioneka bwino pa sitetimenti ya ku banki: mwezi wina pangolowa mapaundi masauzande kuchokera kwa anthu asanu ndi atatu osiyanasiyana. Ife tikudziwa kuti ndi thukuta lanu lomwe, koma kalaliki amene sanamvepo za chipereganyu, amene akungodinda mabokosi pa kompyuta, akhoza kuimitsa fayilo yanu kwa milungu. Konzeranitu masitetimenti oonetsa zimene inu munkasonkha mwezi ndi mwezi, mndandanda wa mamembala ndi malamulo a gulu ngati munalemba. Achimwene anu adzafunika kusaina kalata yonena kuti ndalamazo ndi mphatso, safuna kubwezeredwa ndipo alibe gawo m'nyumbamo. Adzafunsidwanso pasipoti ndi masitetimenti awo. Banki yokupatsani ngongole iyeneranso kudziwa za mphatsoyi, ndipo mabanki ena amavuta ndalama ikachokera kunja. Muwachenjezeretu achimwenewo, asadzaone ngati mukuwanyoza.

Tsopano tibwere ku anthu anu atatu aja.

Poyamba onani ngati ndi ovomerezeka. Ntchito yosamutsa umwini wa nyumba, imene kuno amati conveyancing, imagwiridwa ndi ma solicitor amene amayang'aniridwa ndi Solicitors Regulation Authority, kapena ma licensed conveyancer amene ali pansi pa Council for Licensed Conveyancers. Onse awiri ndi ololedwa, onse ali ndi inshuwalansi, ndipo mabungwe onsewa ali ndi kaundula pa intaneti momwe mungayang'ane dzina la kampani kwaulere. Law Society, bungwe la ma solicitor, ilinso ndi chizindikiro cha Conveyancing Quality Scheme chimene mabanki ambiri amachifuna. Zimenezi ndi za mphindi khumi.

Chachiwiri n'chimene anthu ambiri amachidziwa mochedwa. Banki iliyonse yopereka ngongole ya nyumba ili ndi mndandanda wa maloya amene imawavomereza, umene amautcha panel. Loya wanu kawirikawiri amaimira inu ndi banki nthawi imodzi. Akakhala kuti sali pa mndandanda wa banki yanu, bankiyo imatenga loya wake, inu n'kulipira awiri, ndipo makalata amachedwa chifukwa akudutsa m'maofesi awiri. Funso loyamba pa foni likhale limeneli: kodi muli pa panel ya banki yakutiyakuti? Akayankha kuti ayi, tsanzikani mwaulemu.

Za loya wa a estate agent ndinene mosabisa. A agent amagwirira ntchito wogulitsa, ndiye amawalipira. Nthawi zambiri akakutumizani kwa loya wina amalandira kangachepe, ndipo malamulo amawauza kuti aulule zimenezi. Afunseni kuti amalandira zingati. Sikuti loya woteroyo ndi woipa, ena ndi akatswiri ndithu, koma palibe lamulo lokukakamizani kumutenga, ndipo agent sangakane kupereka mtengo wanu kwa mwininyumba chifukwa choti mwasankha loya wanu. Ine mtima wanga sukhazikika ndi loya amene makasitomala ake ambiri amachokera kwa munthu amene akufunitsitsa kuti malonda atheke. Tsiku lina mudzafuna wina wokuuzani kuti musagule.

Kodi kukhala pafupi kuli ndi phindu? Mwalamulo ayi, loya wa ku Cardiff akhoza kukugulirani nyumba ku Hucknall, pakuti kaundula wa umwini wa malo ndi nyumba, HM Land Registry, ndi mmodzi ku England ndi Wales konse. Koma dera lili ndi mbiri yake pansi pa nthaka. Hucknall ndi tauni ya migodi ya malasha, yomwe inkagwira ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1980, ndipo nyumba za kumeneko zimafunika lipoti la migodi lochokera ku bungwe limene linkatchedwa Coal Authority, lomwe kuyambira mu 2024 ndi Mining Remediation Authority. Loya aliyense akhoza kuitanitsa lipotilo. Kusiyana kwake n'kwakuti amene amawerenga malipoti otere sabata ndi sabata amadziwa chimene n'chachizolowezi ndi chimene n'choopsa, monga dzenje lakale la mgodi pafupi ndi maziko, lomwe lingachititse banki kukana ngongole. Amadziwanso kuti khonsolo ya Ashfield imatenga nthawi yaitali bwanji kuyankha ma searches, mafunso aja ofufuza za misewu, mapulani ndi zilolezo zomangira. Ndipo kwa inu amene muli ndi mapepala a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, kutha kulowa mu ofesi mutaweruka ku shifiti, n'kuyala zonse patebulo, n'chinthu chamtengo.

Sindikunyoza makampani a pa intaneti. Kwa munthu wogula nyumba ya freehold (nyumba ndi malo ake omwe zimakhala zake mpaka kalekale), ndalama zake zonse zochokera ku malipiro a pamwezi, amagwira bwino ntchito ndipo amatchipa. Amatha kutchipa chifukwa wantchito mmodzi amasenza mafayilo ambiri, ndipo zonse zimayenda bwino malinga ngati fayilo yanu ikufanana ndi anzake. Yanu sikufanana nawo.

Poyerekeza mitengo musayang'ane nambala yaikulu ya pamwamba. Pemphani aliyense akulembereni zonse: malipiro ake, VAT ya 20 peresenti, ndalama za ma searches, za Land Registry, zotumizira ndalama ku banki, zotsimikizira ziphaso. Kenako funsani zowonjezera, chifukwa m'menemo ndi momwe mtengo wotchipa umakwerera. Ambiri amalipiritsa padera pa dipoziti ya mphatso, pa Lifetime ISA, pa kuimira banki, pa kulemba fomu ya msonkho, ndiponso nyumba ikakhala ya leasehold, imene umakhala nayo pa lisi ya zaka zowerengeka chabe. Simunanene ngati yanu ndi freehold kapena leasehold. Funsani lero. Ikakhala leasehold, loya aone zaka zotsala pa lisi, chifukwa zikayandikira 80 mabanki amayamba kukayika ndipo kuwonjezera zaka kumadula. Funsaninso kuti malonda akalephereka mudzalipira zingati. Ku England palibe amene wamangika mpaka tsiku la exchange, pamene maloya awiri asinthana mapangano osainidwa. Lisanafike tsikulo mwininyumba akhoza kutembenuka n'kugulitsa kwa wina, inu mutalipira kale ma searches ndi woyeza nyumba. Ena ali ndi dongosolo loti malonda akapanda kutheka salipiritsa malipiro awo, koma zimene analipira kale kwa ena sizibwerera.

Pali funso lina limene loya wabwino adzakufunsani yekha: mukufuna kulembedwa ngati joint tenants kapena tenants in common? Pa njira yoyamba, mmodzi akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsalayo. Pa yachiwiri aliyense ali ndi gawo lake, lomwe limatsata wilo yake. Ife amene tinaonapo amayi amasiye akulandidwa katundu maliro asanathe tikudziwa kulemera kwa funso limeneli. Kambiranani ndi bambo mofatsa, ndipo loya akakufotokozerani mothamanga mumuuze abwereze.

Chenjezo limodzi, kaya musankha uti. Pali akuba amene amalowerera maimelo a pakati pa loya ndi kasitomala, n'kutumiza uthenga wooneka ngati wa loya wonena kuti nambala ya akaunti yasintha. Amakonda Lachisanu, tsiku limene anthu ambiri amalandira makiyi ndipo aliyense ali pa liwiro. Nambala ya akaunti mukaitenge ku ofesi pamaso, kapena muimbe foni imene ili pa kalata yawo yoyamba, osati ya mu imelo. Yambani mwatumiza kandalama kochepa, atsimikize kuti kafika, kenako zotsalazo.

Ndiye maganizo anga ndi awa, achemwali. Imbirani onse atatu, ndipo aliyense mumuuze nkhani yonse: chipereganyu, mphatso ya ku Johannesburg, nyumba ya ku Area 25. Funsani dzina la munthu amene adzagwire fayilo yanu, ngati mungamuimbire mwachindunji, ndi amene amatsala m'malo mwake akapita ku tchuthi. Mvetserani amene akufunseni mafunso obwereza za nyumba ya ku Lilongwe, chifukwa ameneyo wamva. Ngati ofesi ya m'tauni ili pa panel ya banki yanu ndipo yayankha bwino, ine ndingalipire mapaundi owonjezerawo osadandaula, pakuti kugula kumatenga miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina kupitirira, ndipo nthawi yonseyi mudzakhala mukulankhula ndi munthu ameneyu. Zikadzavuta pakati panjira, dandaulani kaye ku kampaniyo polemba kalata. Ali ndi milungu isanu ndi itatu yoti akuyankheni, ndipo mukapanda kukhutira mukhoza kupita kwa Legal Ombudsman, womva madandaulo okhudza maloya, amene salipiritsa.

Kwa owerenga a ku Glasgow ndi Edinburgh, zambiri mwa izi si zanu. Ku Scotland loya amalowa m'nkhani musanatchule n'komwe mtengo, pangano limamangika kudzera m'makalata otchedwa missives, ndipo msonkho wake ndi Land and Buildings Transaction Tax, wokhala ndi malire akeake. Kumeneko mukayang'ane loya m'kaundula wa Law Society of Scotland.