Faiba yadutsa pamsewu, koma yalowa m'nyumba?

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji malipoti awiri onena za dziko limodzi kusiyana chonchi: lina likuti intaneti ya faiba (yodzera mu nthambo zopyapyala zagalasi) yafikira nyumba zoposa theka, lina likuti oigwiritsa ntchito ndi ochepa kwambiri. Ndiye mukuti wabodza ndani? Palibe wanama apo. Awiriwo akuwerenga zinthu zosiyana.

Nambala yoyamba ndi ya nyumba zomwe nthambo yangodutsa pafupi, pansi pa msewu kapena papolo, moti mwini nyumba atafuna angamulumikize. M'malipoti mumalembedwa kuti homes passed. Yachiwiri ndi ya nyumba zolumikizidwadi, komwe mmisiri anabwera ndi makwerero, kuboola khoma, kulowetsa kanthambo kaja, kukhoma kabokosi, ndipo mwezi ukatha bilu ikulipidwa. Makampani ndi andale amakonda yoyambayo chifukwa imakula msanga.

Taonani za ku UK. Bungwe loyang'anira za mauthenga kumeneko la Ofcom, mu lipoti lake la Connected Nations la 2024, linati faiba yeniyeni inali itafikira nyumba 69 mwa 100 zilizonse, koma komwe yafikako amene anaitenga anali 35 mwa 100 basi. Mukawerengetsera bwino, ndi pafupifupi nyumba imodzi yokha mwa zinayi m'dziko lonselo.

Ndati "yeniyeni" dala. Kwa zaka zambiri makampani ankatsatsa kuti faiba pomwe nthamboyo imathera pabokosi la pamsewu, kuchoka apo n'kudzafika m'nyumba ndi waya wakale wa telefoni, wa kopa uja. Imeneyo ndi FTTC. Yomwe tikunena pano ndi FTTH kapena FTTP, yolowa mpaka m'kati. Palinso FTTB, yothera pansi pa nyumba yosanjikizana, ndipo a bungwe lolimbikitsa faiba ku Ulaya la FTTH Council Europe amaiphatikiza ndi FTTH akamayerekeza mayiko chaka ndi chaka. Kenanso kochenjera nako: makampani awiri kapena atatu akadutsa msewu umodzi, aliyense amawerenga nyumba zomwezo ngati zake. Osamangophatikiza zomwe makampani alengeza, mungapeze nyumba zambiri kuposa zomwe zilipo.

Kusiyana kwa mayiko kumachokera kwambiri pa kukumba. Nthambo payokha sidula kwenikweni, chodya ndalama ndi ngalande, zilolezo ndi amisiri. Ku Spain kampani ya Telefónica inalamulidwa kulola anzake kudutsitsa nthambo m'mapaipi ake apansi pa nthaka, kuonjezera apo anthu ambiri amakhala m'mafulati, moti nthambo imodzi imatumikira mabanja makumimakumi. Spain inathamanga. Germany, ndi chuma chake chonsecho, inatsalira chifukwa kampani ya Deutsche Telekom inakhalitsa ikufinya waya wa kopa ndi luso lothamangitsa intaneti pa wayawo lotchedwa vectoring. Ndiye munthu amene intaneti yake ikuyenda bwinobwino, mavidiyo sakudukiza, mumuuza chiyani kuti alole kukumbiridwa pabwalo? Ambiri amangoti tidzaona.

Mukafuna kutsata nkhaniyi, yambani ndi bungwe loyang'anira za mauthenga ndi matelefoni la dziko lomwe mukufunalo. Arcep ya ku France imatulutsa ziwerengero miyezi itatu iliyonse. OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, imaonetsa china: mwa onse olipira intaneti ya m'nyumba, a faiba ndi angati. Pamenepo South Korea idadutsa 80 mwa 100 kalekale. Muziyang'ananso mwezi womwe anawerengera, chifukwa lipoti lotuluka lero nthawi zambiri limanena za miyezi ingapo yapitayo.

Ine chomwe ndimachikhulupirira kuposa zonsezi ndi tsiku lozimitsa waya wa kopa, chifukwa kampani siyerekeza kudula waya wakale makasitomala ake asanasamuke. Telefónica inamaliza kutseka wake mu 2025, pomwe Orange ya ku France ikutseka dera ndi dera mpaka 2030.