Musamuletse mwanayo, yisiti si ya vitumbuwa yokha

Amayi, mwafunsa za mwana wanu amene wamaliza biology ku UNZA ndipo akufuna kupitiriza maphunziro pa majini (genes, malangizo achibadwa a m'maselo) a yisiti, pomwe inu mukuona kuti ataya zaka pa chotupitsira vitumbuwa m'malo mofuna ntchito kuchipatala. Ine ndimaphunzitsa biology kusekondale kuno ku Chipata, ndipo ndikukupemphani kuti musamugwetse mphwayi.

Yisiti ndi kachamoyo ka selo imodzi, koma seloyo imasunga DNA (momwe mumakhala majini) ndi kugawikana mofanana kwambiri ndi maselo athu. Pakangopita maola awiri kapena atatu yagawikana kale, ndiye zomwe sitingayese pa munthu, pa yisiti zimaoneka m'kambale m'masiku ochepa.

Tengani moyo wa Paul Nurse wa ku England, wobadwa mu 1949. Poyamba yunivesite inamukana chifukwa cholephera mayeso a Chifalansa, moti anayamba wagwira ntchito mu labu ya kampani ya mowa ya Guinness. Atapeza PhD mu 1973 anapita ku Edinburgh kukagwira ntchito ndi Murdoch Mitchison pa yisiti yotchedwa Schizosaccharomyces pombe, imene inapezeka koyamba mu 1893 m'mowa wachikuda wa ku East Africa. Pa maikulosikopu imaoneka ngati kandodo: imatalika, kenako n'kuduka pakati. Nurse ankafunafuna yisiti zolumala. Zina zinkangotalika osaduka, zina zinkaduka msanga zisanakule n'kukhala tating'onoting'ono. Pofufuza chimene chinalakwika m'menemo, anapeza jini yotchedwa cdc2, imene imalamula nthawi yoti selo igawikane.

Chimene chimandifika pamtima ndikamaphunzitsa ana ndi cha mu 1987 ku London. Iye ndi Melanie Lee anatenga yisiti ya cdc2 yowonongeka, yoti ikatenthedwa pang'ono imaleka kugawikana, n'kuilowetsa tizidutswa ta DNA ya munthu. Yambiri inangokhala chete, koma m'mbale zina munamera timadontho ta yisiti yoswana bwinobwino. Jini ya munthu inali itagwira ntchito ya jini ya yisiti! Jiniyo lero imatchedwa CDK1, ndipo inuyo ndi ine tili nayo. Poti khansa ndi maselo ogawikana mosalamulirika, madokotala anatchera khutu. Mu 2001 Nurse analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Leland Hartwell, amene ankafufuza yisiti ya buledi ku America, ndi Tim Hunt. Mankhwala a khansa ya m'mawere otchedwa palbociclib, ovomerezedwa mu 2015, amatsekereza CDK4 ndi CDK6, abale ake a CDK1 uja. Nurse anadzatsogoleranso mabungwe akuluakulu a sayansi ku England, Royal Society ndi Francis Crick Institute, koma kwa ine chachikulu n'chakuti ofufuza khansa ambiri akuyenda m'njira imene analambula ndi kachamoyo ka m'mowa.

Ndipo si zakutali zokha ayi. Katemera wa hepatitis B, amene ali m'gulu la jakisoni wa ana kusikelo, amapangidwa ndi yisiti kuyambira 1986. Gardasil, katemera woteteza atsikana ku kachilombo ka HPV koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri muno mu Zambia, nayenso amachokera mu yisiti.

Nkhawa yanu ya ntchito ndi yomveka, sindikukana. Malo ofufuzira yisiti yeniyeniyo kwathu kuno ndi ochepa, ndipo njirayi ndi yaitali: masters, PhD, mwinanso zaka zina kunja. Koma luso lotulutsa DNA, kupanga PCR (njira yochulukitsira DNA mu labu) ndi kuwerenga majini ndi lomwelo limene limafunika pofufuza malungo ndi TB, monga kumalo ofufuzira matenda ku Ndola. Pafupi pompano pa Msekera amafufuza mbewu, ndipo chuku chimene chimaika poizoni wa aflatoxin mu nsawa zathu ndi cha mtundu wa bowa, monga yisiti.

Mukakhala naye pansi, mufunseni zinthu izi: adzamuyang'anira ndani, munthuyo watulutsa kafukufuku wotani m'zaka zaposachedwa, ndipo adzalipira fizi ndi ndalama yodyera ndani. Ngati akuti muzilipira nokha zonse mpaka PhD, adikire kaye afunsire ma scholarship monga a Commonwealth kapena DAAD ya ku Germany. Akafuna womuwerengera kalata yofunsira malo, andilembere ku inbox.