Mankhwala amene ankachiza ziweto akasiya kugwira ntchito

Pamisonkhano ya makalabu a alimi ndakhala ndikulandira mafunso amene gwero lake ndi limodzi, ngakhale ofunsawo amaweta zosiyana. Mayi wina woweta nkhuku zoyera adati kale akasungunula makapisozi a amoxicillin m'madzi akumwa, anapiye otsegula m'mimba ankachira, koma tsopano amawonjezera makapisoziwo anapiye n'kumafabe, ndiye amafuna kudziwa ngati mankhwala a masiku ano ndi achinyengo. Mayi, achinyengo alipo ndithu, koma kawirikawiri chimene chasintha ndi mabakiteriya a m'matumbo mwa nkhuku zanu.

Bakiteriya ndi kachilombo ka selo imodzi, ndipo madzi a mkati mwake amakankhira kunja mwamphamvu, moti pakadapanda khoma lomuzungulira akadaphulika. Khomali ndi lolukana ngati nkhokwe, pamene nsungwi zimayalidwa kenako n'kumangidwa ndi luzi kuti zisamasuke. Oluka ake ndi mapuloteni amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti PBP, dzina lotanthauza kuti penisilini amakakamira pa iwo. Puloteni iliyonse ndi chingwe cha timikanda totchedwa amino acid, ta mitundu 20, chimene chimapindikapindika mpaka kukhala ndi maonekedwe akeake. Ma PBP akuluakulu ali ndi magawo atatu: kamchira kozikika m'chikopa cha selo, gawo lotalikitsa nsungwi zija, ndi gawo lomanga luzi, lomwe lili ndi kamphako kolandirira nsonga ya chomangiracho.

Penisilini ndi amoxicillin ali ndi kamphete ka maatomu 4 kofanana kwambiri ndi nsonga imeneyi. Puloteni ija imanyengeka n'kukalowetsa m'kamphako, kampheteko n'kutseguka ndi kumatirira pa kamkanda kotchedwa serine, osachokaponso. Mmisiri akagwidwa manja chotere, bakiteriya amapitiriza kukula khoma lili lomasuka, mapeto ake amaphulika. Maselo a nkhuku, a mbuzi ndi a munthu alibe khoma lotere, n'chifukwa chake mankhwalawa amapha kachilombo n'kusiya chiweto.

Tsono mphamvu yonse ya mankhwala yagona pa kukwanira bwino m'kamphakoko. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Helicobacter pylori, bakiteriya woyambitsa zilonda zam'mimba mwa anthu, amene Barry Marshall ndi Robin Warren adamutulukira ku Perth m'dziko la Australia mu 1982. Timikanda tochepa chabe tikasintha pafupi ndi kamphako ka puloteni yake ya PBP1A, amoxicillin amalephera kugwira zolimba, pomwe puloteniyo ikupitiriza kuluka khoma. E. coli, amene amakhala m'matumbo mwa nkhuku ndi mwa anthu, ali ndi njira ina: amapanga puloteni yotchedwa beta-lactamase, imene imagwira mankhwala, kudula kamphete kaja, n'kuwataya ali opanda mphamvu, ndipo nzeru yopangira puloteniyi amatha kupatsirana ndi mabakiteriya anzake.

Ndaona ndi maso anga mmene zimachitikira m'makola ambiri. Mlimi amathyola makapisozi awiri m'chomwera cha malita asanu, ufa wina n'kutsalira pansi, anapiye amphamvu n'kumwa kwambiri pomwe odwala aja azyolika pakona osayandikira madzi, ndipo tsiku lachitatu mankhwala amasiyidwa poti zikuoneka ngati zapepuka. Mlingo wochepa woterewu umapha mabakiteriya ofooka okha, olimba aja n'kutsala ndi malo onse oswanirana. Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini ku London mu 1928, adachenjeza za mlingo woperewera polandira mphotho ya Nobel mu 1945. Choncho, mayi, siyani makapisozi a anthu, itanani mlangizi wa ziweto aone chimene chikudwalitsa anapiyewo, ndipo mankhwala akaperekedwa muwamalize masiku onse olembedwa, kwinaku mukusintha utuchi wonyowa ndi kutsuka zomwera tsiku lililonse.

Bambo wina adafunsa chifukwa chake mbuzi yake idasiya kudya ndi kubzikula ataimwetsa tetracycline kwa masiku angapo. Bambo, chifu cha mbuzi ndi ng'ombe chili ndi zigawo zinayi, ndipo m'chigawo chachikulucho muli tizilombo tambirimbiri timene timagaya udzu ndi mapesi, ntchito imene chiwetocho pachokha sichingathe. Tetracycline amakakamira pa timakina timene bakiteriya amapangira mapuloteni ake, ndipo sasankha woipa kapena wothandiza. Mukaimwetsa, mwapha antchito a m'chifu. Ichi n'chifukwa chake mbuzi ndi ng'ombe zazikulu nthawi zambiri timazibaya jakisoni wolingana ndi kulemera kwake. Yanuyo ipatseni udzu wabwino ndi madzi oyera, muchepetse madeya, ndipo ikapanda kuyambiranso kubzikula kapena mimba ikafufuma, musachedwe kuitana mlangizi wa ziweto.

Za chitopa, zimene ambiri amafunsanso, yankho ndi lalifupi. Chitopa chimayamba ndi vairasi, yemwe alibe khoma kapena PBP, kotero mankhwalawa alibe pogwira. Chothandiza ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse miyezi inayi iliyonse, matendawo asanafike m'mudzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa n'chakuti mabakiteriya olimbawa sathera m'khola. Amatuluka ndi zitosi ndi ndowe, amafika kudimba ndi kuchitsime, amakhala m'manja mwa mwana wokwawa pabwalo pamene nkhuku zimadyera. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adaonetsa kuti mwa E. coli wopezeka m'magazi a odwala, wosamva mankhwala amphamvu ngati ceftriaxone sankafika mmodzi pa 100 alionse mu 2003, koma pofika mu 2016 anali pafupifupi 30 pa 100 alionse. Zoyambitsa zake ndi zambiri, ndipo sindikunena kuti alimi ndiwo olakwa okha, koma mankhwala amene timathira m'chomwera ndi a gulu lomwelo limene dokotala adzawadalira mwana wathu akadwala chibayo. Mayiko a European Union adaletsa kuthira mankhwala opha mabakiteriya m'zakudya za ziweto pofuna kuzikulitsa msanga kuyambira mu 2006.

Pachikalata cha mankhwala alionse a ziweto pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanaphe chiweto, kudya mazira kapena kugulitsa mkaka. Lembani pakhomo la khola tsiku limene mwapereka mlingo womaliza, muwerengere kuchokera pamenepo, ndipo mkaka wa masiku amenewo musaupereke ku bulking group (gulu losonkhanitsa mkaka wa alimi) kapena kwa ana. Manyowa a m'khola limene munali zodwala muziwaunjika kaye atenthe ndi kuwolerana bwino musanawathire pa ndiwo zamasamba.