Nkhuku zikachepetsa mazira m'nyengo yotentha

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene nkhuku zanu zimachepetsera kuikira mazira dzuwa la Okutobala likafika kuno ku Blantyre. Nkhuku sizichita thukuta, choncho zikatenthedwa zimapuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, zimatambasula mapiko n'kuleka kudya bwino, ndipo mazira amachepa, zigoba zake n'kupyapyala. Ngati khola lanu ndi lamalata, yalani udzu padenga, ndipo m'mbali muikemo waya kuti mphepo izidutsa. Madzi azikhala pamthunzi, makamaka m'mbale yadothi, ndipo muziwasintha masana. Chakudya muzizipatsa m'mamawa ndi madzulo kukazizira.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi chitopa, chomwe chimavuta nyengo yomweyi, kotero funsani alangizi a ziweto za katemera wa I-2, amene amadonthezedwa m'diso miyezi 4 iliyonse.